Maina a Ana a Nyama, ndi Mbiri Imene Asenza

Madzulo, mbuzi zitalowa m'khola ndi moto utakolezedwa pabwalo, m'midzi yathu ya kunsi kwa Michesi ndi Mulanje mumveka mau a ana a sukulu alikuloweza phunziro la m'mawa mwache. Mwana wa ng'ombe ndiye "calf", wa nkhosa ndiye "lamb", wa mbuzi "kid", wa garu "puppy", wa mphaka "kitten". Anawo ameza mau amenewa monga wodwala ameza mankhwala owawa, osafunsa kumene anakumbidwa. Ndipo akuru okhala pamphasa, pakumva, apukusa mitu nati, Kodi Angerezi anadzibvutiranji chotere? Ife tingoti mwana wa chakuti, ndipo nkhani yatha. Koma kwa iwo nyama iri yonse dzina lache, mwana wachenso dzina lina.

Funso limeneli nloyenera kuliyankha, pakuti m'kati mwache muli mbiri. Maina awa si nchito ya munthu mmodzi, kapena ya tsiku limodzi. Afanana ndi mapazi a pa njira ya kudambo: mlenje wodziwa kulonda aona kuti apa panapita nguluwe usiku, apa garu m'mamawa, apa munthu wosenza katundu. Chomwechonso mtundu uli wonse umene unafika pa chisumbu cha Britain unasiya phazi lache m'maina a nyama. Ndipo tikatha kulonda mapazi a eni ache, tidzatembenuka kuyang'ana pakhomo pathu, pakuti ifenso si osauka m'maina otere monga tiyesa.

Mapazi oyamba ndiwo a makolo a Angerezi eni ache. Monga m'chaka cha 450, mitundu ya Angles ndi Saxons inayamba kuoloka nyanja kuchokera ku maiko amene lero achedwa Germany ndi Denmark, nikhala m'dziko limene pambuyo pache linachedwa England. Anali anthu olima ndi oweta, ndipo chuma chao chinali m'khola. Iwowa ndiwo anadza ndi "calf", ndi "lamb", ndi "foal", ndiye mwana wa kavalo, ndi "whelp", ndiye mwana wa garu. Kufikira lero Mjeremani achula mwana wa ng'ombe "Kalb" ndi mwana wa nkhosa "Lamm", ndipo khutu lathu lomwe limva kuti mauwa ngapachibale. Zaka zoposa 1,000 zapita, mafumu alowa ndi kufa, koma mau a mbusa sanasunthika, chifukwa mbusa awachula m'mawa uli wonse potsegula khola.

Mapazi achiwiri ndiwo a anthu a kumpoto, a ku Denmark ndi Norway, amene mabuku awachula Vikings. M'chaka cha 793 anafika ndi ngalawa zao pa chisumbu cha Lindisfarne nafunkha zonse. M'chaka cha 865 anadza ndi khamu lalikuru la nkhondo, ndipo chaka chotsatacho analanda mudzi wa York. Koma nkhondo itazirala anaika malupanga, nagawana minda, nakwatirana ndi eni dziko. M'kamwa mwa anthu amenewa ndimo munachokera "kid", mwana wa mbuzi. Angerezi anali nalo liu laolao lakale, ndilo "ticcen". Koma liu la mlendo linakula, la mwini mudzi nilifa, ndipo lero lipezeka m'mabuku akale okha.

Mapazi achitatu ndiwo ozama koposa. M'chaka cha 1066 William wa ku Normandy, dera la kumpoto kwa France, anagonjetsa mfumu Harold pa nkhondo ya ku Hastings, natenga ufumu. Kuyambira pomwepo, zaka pafupi-fupi 300, Chifalansa ndicho chinali chinenero cha kunyumba ya mfumu ndi cha akuru. Ndipo lamulo lakuti milandu inenedwe m'Chingerezi linadza m'chaka cha 1362. Akuru atsopanowo sanali abusa. Chimene anakonda ndi uzimba ndi madyerero. Chifukwa chache maina a ana a nyama za m'thengo, zimene iwo anasaka, ali ochokera ku Chifalansa: "fawn", mwana wa nyama yonga gwape, "leveret", mwana wa kalulu wa m'thengo, "cygnet", mwana wa mbalame yaikuru yoyera ya m'madzi, ya khosi lalitali. Ndipo taonani chinthu ichi: mwana wa ng'ombe ali chiimire m'khola, m'manja mwa mbusa wosauka, anakhalabe "calf"; koma ataphedwa ndi kuikidwa m'mbale ya mbuye, nyama yache inachedwa "veal", ndilo liu la Afalansa la mwana wa ng'ombe yemweyo. Wina anaweta, wina nadya. Ndipo chinenero chinasunga umboni wache kufikira lero.

Nyama za m'nyumba nazonso zinalandira maina ku France. "Kitten" linalowa m'zaka za m'ma 1300, kuchokera ku liu lao la kamphaka. Koma mbiri ya "puppy" njoseketsa. M'Chifalansa "poupée" ndicho chidole cha mwana. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1400 akazi olemera a ku England anasunga tiagaru tating'ono tosagwira nchito iri yonse, tosasaka, tosalonda pakhomo, tongokhala pamiyendo pa mwini. Ndipo anthu anatichula zidole. Patapita zaka monga 100, liulo linafalikira kwa mwana wa garu ali yense, ndipo "whelp" lakale lija linakankhidwira kumbali. Chotero mwana wa sukulu wa ku Migowi, pakunena "puppy", alikuchula chidole cha mkazi wolemera amene anafa zaka 500 zapitazo, iye osadziwa.

Pali chinthu china chozizwitsa m'mbiri imeneyi, ndicho chakuti kawiri-kawiri dzina la mwana linameza dzina la make. Liu lakuti "bird", limene lero litanthauza mbalame iri yonse, poyamba linali "bridd", ndiye kamwana ka m'chisa kosamera nthenga. Mbalame yaikuru inali "fugol", limene linasanduka "fowl". "Pig" anali mwana wa nkhumba, nkhumba yaikuru niikhala "swine". "Chicken" anali mwanapiye. "Rabbit" anali mwana wa kalulu wa kuuna, ndipo make anali "coney". "Pigeon" nayenso anali mwana wa nkhunda. Liulo linadzera ku Chifalansa kuchokera ku Chilatini "pipio", ndiko kutsanza kulira kwa kambalame kopempha chakudya. Ife tiyesa kuti chifukwa chache nchosabisika: chaching'ono ndicho chigulidwa kumsika, ndicho chiphikiridwa mlendo, ndicho ana asewera nacho, dzina lache likhala pakamwa tsiku lonse, kufikira anthu aiwala kuti linali la mwana yekha.

Tsono apa ndipo tibwerere kwathu, pakuti chozizwitsa chomwechi chiri pakhomo pathu. Funsani agogo amene akali kunena Chilomwe ku Chiringa kapena kwa Nazombe, dzina la garu ndani? Adzati "mwanapwa". Asena a kuchigwa cha Shire ati "mwanambwa". Koma Ayao angoti "mbwa", monganso Aswahili a kugombe. Ikani mauwa pamodzi, ndipo mudzaona nokha: m'kati mwa mwanapwa ndi mwanambwa muli mwana, ndiponso muli mbwa. Garu wamkuru wa mano otha, amene wabala kasanu, achedwabe ndi dzina la ubwana wache. Angerezi ndi Alomwe sanapangana. Koma pakamwa pa munthu payenda mofanana kuli konse.

Chinenero chathu nachonso chiri ndi mapazi akale ndi atsopano. Akale koposa ndiwo maina a mbuzi ndi nkhuku. Ife titi mbuzi, Ayao ati "mbusi", Azulu "imbuzi", Alomwe "epuri". Ife titi nkhuku, Ayao "nguku", Aswahili "kuku", Azulu "inkukhu". Mitundu yotalikirana chotere siikadagwirizana pa dzina limodzi, zikadapanda ziwetozi kukhala pakati pathu kuyambira kale lomwe. Ndipo pa ziweto zomwezi ndipo maina athu achuruka. Kankhuku kongoswedwa ndi mwanapiye, ndipo khutu litiuza kuti piye ndiko kulira kwache, monga "pipio" wa Aroma uja. Akakula, waikazi wosayamba kuikira ndiye msoti, wamwamuna woyesa kulira ndi mau osweka ndiye chipsolopsolo. Pambuyo pache akhala thadzi ndi tambala. Mbuzi yaikazi yosabala ndiyo msotinso. Yobala kale ndiyo mkota. Yamphongo yonunkha ndiye tonde. Mwambi uja wakuti garu wamkota sakandira pachabe sumveka kwa munthu wosadziwa kuti mkota ndiye wakale, woona zambiri. Mwana wa nkhunda ndiye bunda, ena ati chiunda, ochuruka maunda. Mwana wa chule ndiye mbululu, amene Mngerezi amchula "tadpole", ndiko kunena chule wa mutu wokha-wokha. Ngakhale mkango wokula kumene, umene makolo anauopa, unali ndi dzina lache, ndilo msona. Maunda ndi msona akali kumveka m'makutu mwathu makamaka chifukwa omasulira Buku Lopatulika, limene linasindikizidwa lonse m'chaka cha 1922, anawatola pakamwa pa akuru a masiku aja nawalemba.

Kumene sitinasowa dzina lapadera tichita ndi ka ndi ti: kambuzi, timbuzi, kagaru, tiagaru. Mngerezi achita chimodzi-modzi, koma iye amangirira kumchira chimene ife timangirira kumutu: bakha ndi "duck", kabakha "duckling", nkhumba ndi "pig", kankhumba "piglet". Ndipo onani kuti pamene "pig" anakula nakhala nkhumba yaikuru, anthu anayenera kupanga liu latsopano la mwana wache.

Za ng'ombe ziri ndi mbiri yina. Makolo athu a kuno kumwera sanaweta ng'ombe zambiri, pakuti m'zigwa zotentha kashembe anazipha. Eni ng'ombe anadza ndi nkhondo. M'chaka cha 1835 Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi, kuchokera ku dziko la kumwera. Ndipo Angoni a Maseko, atayenda-yenda, anakhazikika ku mapiri a ku Ntcheu ndi Dedza. Chinenero chao chinazirala pakati pa ana ao, amene anatenga Chinyanja cha amao. Koma mau a kukhola anatsala. Pamene tichula mwana wa ng'ombe thole, ndi ng'ombe yamphongo nkhunzi, tirikunena Chingoni. Mzulu kufikira lero ati "ithole" ndi "inkunzi". Angoni anatichitira chimene Vikings anachitira Angerezi: anafika ndi nthungo, natsiriza ndi kutisiyira mau.

Alendo ena anadzera ku Zambezi. Apwitikizi anakhala ku Sena ndi ku Tete kuyambira m'zaka za m'ma 1530, ndipo kwa iwo tinatenga buru, ndiye "burro" wao, ndi kavalo, ndiye "cavalo". Koma nyama izi sizinalowa m'khola la munthu wamba. Chifukwa chache ana ao alibe maina, tingoti mwana wa buru, mwana wa kavalo. Pamenepa lamulo lioneka poyera: chimene mtundu uchisamala usana ndi usiku, uchipatsa maina ambiri, chimene uchiona patali, uchipatsa limodzi. Ndipo kupanga maina sikunaleka. Nkhuku yakuda ija ya ku Australia, imene Azungu aichula Black Australorp, m'midzi yathu ichedwa mikolongwe, potsata malo a Boma a zoweta ku Mikolongwe m'dziko la Chiradzulu, kumene anapiye ache anagawidwira anthu.

Tisanatsirize za Angerezi, pali liu limodzi loyenera kuliyang'anitsa, ndilo "kid" lija. Ife tinatenga dzina la mwana wa munthu ndi kulibwereka nyama. Titi mwana wa nkhosa, mwana wa ng'ona, monga ngati ziri nao amao ndi atsibweni. Angerezi anayenda njira yobwerera: chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500 anthu a m'makwalala anayamba kuchula mwana wa munthu ndi dzina la mwana wa mbuzi. Lero liulo lazolowereka, ndipo makolo alinena mwa chikondi. Koma linabala lina loopsa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600 kunamveka "kidnap", ndiko kukwatula mwana. Ndipo ananena za anthu akuba ana m'midzi ya kugombe la England ndi kuwagulitsa kuti akagwire nchito m'minda ya ku America. Ife a ku Phalombe sitisowa wotimasulira zimenezi. Mpata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi unali njira ya akapolo opita kugombe, ndipo chifukwa chache Boma la Harry Johnston linamanga linga la Fort Lister m'chaka cha 1893, limene mabwinja ache alipobe. Pomwepo anapita ana a anthu omangidwa monga timbuzi topita kumsika. Kulemekeza chiweto ndi dzina la mwana nkokoma. Koma tsiku limene mwana wa munthu awerengedwa pamodzi ndi ziweto, dziko ladwala.

Kapena wina adzati, Nanga zonsezi zitipindulira chiani? Tiyankha kuti maina awa si zokometsera chabe. Ndiwo zipangizo za nchito ndi za chilungamo. Pali mwambo wathu wa chakhola: munthu aikiza nkhuku kapena mbuzi kwa mnzache, ndipo zikaswana wosungayo alandirapo gawo lache. Mwa njira imeneyi amasiye ndi osauka ambiri anayamba makhola ao. Koma pangano lotere liima pa mau. Kodi chimene anaikiza chinali msoti kapena mkota? Kodi wosunga atenge waikazi kapena chipsolopsolo? Pabwalo pa mfumu, munthu akalipitsidwa mbuzi, kusiyana kwa msoti ndi tonde wokalamba ndiko kusiyana kwa chuma chobala ndi ndiwo za tsiku limodzi. Amene adziwa liu limodzi lokha lakuti mbuzi anyengedwa msanga.

Ndipo ife tidziwa koposa ena mtengo wa chiweto chaching'ono. M'mwezi wa March 1991 napolo anatsika m'phiri la Michesi, nakokolola anthu, nyumba ndi makhola. Ndipo m'mwezi womwewo wa chaka cha 2023 namondwe wochedwa Freddy anachitanso zomwezo m'dziko lathu lino ndi la Mulanje. Madzi ataphwa, banja lotsala silinayamba ndi khola lodzaza. Linayamba ndi msoti mmodzi wopatsidwa ndi mbale, kapena maunda awiri m'dengu. Ndipo m'menemo munaturuka sopo, mchere, ndi makope a ana a sukulu. Chinthu chimene chiukitsa mudzi chiyenera kukhala nalo dzina lache.

Koma maina afa, monga "ticcen" anafa. Alomwe anayamba kulowa m'dziko muno mwaunyinji chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi m'zaka zotsatira, kuthawa msonkho ndi nchito yokakamiza ya Apwitikizi ku Mozambique; ndipo zidzukulu zao zambiri lero zinena Chichewa chokha. Mau ambiri a kukhola ndi a kuthengo anapita kumanda pamodzi ndi agogo, popanda wowalemba. Chimang'anja chinapeza mwai, pakuti David Clement Scott wa ku Blantyre anasonkhanitsa mau ache m'buku lalikuru losindikizidwa m'chaka cha 1892. Koma buku lisunga liu monga nkhokwe isunga mbeu, ndipo mbeu yosabzalidwa simera. Lero m'misika ya ku Mulomba ndi Phalombe timva anyamata ogulitsa nkhuku amene adziwa buloila, koma mukawafunsa chipsolopsolo aseka, nayesa kuti mwawatukwana.

Sitinena kuti ana aleke kuphunzira Chingerezi. Achiphunzire ndithu, ndi mtima wonse, pakuti ndicho khomo la mayeso ndi la nchito. Ndipo aphunzitsi akawauza mbiri ya mauwo, ya mbusa ndi mbuye, ya chidole ndi ngalawa za kumpoto, sadzawamezanso ngati mankhwala. Koma tiphunzire kwa Angerezi chinthu chimene iwo anachita bwino: analandira mau a alendo onse, koma "calf" ndi "lamb" a makolo ao sanawataya. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Komatu saiwala kusambira kumene anaphunzira m'dziwe loyamba.

Chotero inu atate ndi amai, madzulo ano mwana akatha kuloweza zache, mumtenge dzanja ndi kupita naye kukhola. Iye akuuzeni "kid", inu mumsonyeze msoti ndi mkota; iye akuuzeni "chick", inu mumlozere mwanapiye ndi chipsolopsolo. Ndipo ngati m'mudzi mwanu akalipo nkhalamba yodziwa maina a Chilomwe, kapena a Chiyao, kapena a Chimang'anja chakale, mwanayo atenge kope ndi pensulo, akhale pansi mwaulemu, nalembe zonse, nkhalambayo ikali ndi mpweya. Mau a akuru akoma akagonera. Koma agonera pokhapo pali wina amene anawasunga.